Pa Basi Kupita ku Stellenbosch, Thesis Ili M'chikwama

Lachisanu madzulo, Park Station, Johannesburg

Ndafika pano dzuwa likadalipo, koma basi yathu inyamuka kukada. Ndakhala pa benchi, kachikwama ka laputopu kali pamiyendo, lamba wake ndakulunga kudzanja. Onse amene anamva kuti ndidzera pa Park Station anandiuza zofanana: foni osaitulutsa kunja kwa geti, ndiponso osaoneka ngati mlendo. Ndiye ndakwinya nkhope ngati munthu wa kuno ku Joni, koma mtima uli m'mwamba.

Ndikupita ku Stellenbosch, kufupi ndi Cape Town, ku maphunziro a sabata imodzi a African Doctoral Academy. Ili ndi gawo la yunivesite ya Stellenbosch limene linayamba mu 2009, ndipo limasonkhanitsa anthu a m'maiko osiyanasiyana a mu Africa nyengo yotentha, mu Januwale, ndi nyengo yozizira ino ya pakati pa chaka. Kumabwera ophunzira a PhD (digiri ya udokotala wa maphunziro), ena ongoganizira kumene zoyamba PhD, komanso asupavaiza, aja amatiyang'anira pa kafukufuku. Ndalama ya maphunziro ndi malo ogona inalipiridwa ndi thandizo limene ndinapeza, koma ya ulendo inali yochepa. Nditawerengetsa ndinaona kuti ndikakwera ndege ya ku Cape Town ndikagona ndi njala sabata yonse. Kwatsala basi, makilomita pafupifupi 1,400 pa msewu wa N1.

Ndagula magwinya awiri, mabanzi okazinga m'mafuta amene amagulitsa paliponse kuno, ndi tiyi wa m'kapu ya pepala, zonse R30. Asupavaiza anga ndawalembera imelo kuti ndanyamuka. Ayankha msanga kundifunira ulendo wabwino. Za chapitala chachitatu chimene ndinawatumizira kalekale sanatchule, nane sindinafunse.

Loweruka usiku kusanache, titadutsa Bloemfontein

Kuzizira kwa kuno si kwamasewera. Mawindo achita nkhungu, ndipo zala za kumapazi ndasiya kuzimva. Pafupi nane pakhala mayi wachikulire wolankhula Chixhosa, akupita kukaona zidzukulu ku Khayelitsha, dera la mu Cape Town. Ataona ndikunjenjemera, sanafunse kanthu, angofunyulula bulangete lawo n'kundifunditsa mbali ina. Ndathokoza, iwo n'kungogwedeza mutu.

Tulo titasowa tonse, tayamba kucheza m'Chingerezi chosakanizasakaniza.

"Sisi, ukupita kukafuna ntchito?"

"Ayi mama, ndine mwana wasukulu."

Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Pa msinkhu umenewu?"

Taseka mpaka bambo wa kumbuyo watsokomola motichenjeza. Kenako afuna kudziwa chimene ndikuphunzira. Kafukufuku wanga ndi wofuna kumvetsa chifukwa chake anthu odwala matenda a kuthamanga kwa magazi amasiya kumwa mankhwala. Zimenezi ndikanatha kuwauza choncho, koma pakamwa panga panatuluka zija ndinazolowera kunena pamaso pa aphunzitsi: njira zosonkhanitsira mayankho, maganizo a akatswiri amene ndatsamirapo, mpata umene ena anasiya m'zolemba zawo. Mama amvetsera mwaulemu, kenako atsegula chikwama n'kundionetsa kabotolo.

"Mapiritsi amenewo ndi awa. Ndikamva bwino ndimasiya. Mutu ukayamba kuwawa ndimayambiranso. Ukanandifunsa ine, mwana wanga, bwenzi utamaliza kale sukulu yakoyo."

Agona patangopita nthawi pang'ono. Ine maso ali gwa mpaka ku Colesberg, kumene basi inaima pa malo omwetsera mafuta ndipo tonse tinathamangira ku chimbudzi titadzikuta mabulangete.

Loweruka masana, kuchoka ku Beaufort West mpaka Paarl

Kwacha tili m'kati mwa Karoo. Dziko lathyathyathya, tizitsamba tofiirira, nkhosa apa ndi apo, ndi mapampu a madzi oyendera mphepo ataima okhaokha. Mungayende nthawi yaitali osaona munthu. Ku Laingsburg mama andiloza mtsinje wouma n'kunena kuti mu 1981 madzi osefukira anakokolola tauniyi ndi kupha anthu opitirira 100. Ndayang'ana mchenga umenewo, zinandivuta kukhulupirira.

Titatsikira m'chigwa cha Hex River zonse zasintha: minda ya mphesa yopanda masamba, mapiri ataliatali, ndi mitambo yakuda. Kupitirira Worcester talowa mu Huguenot Tunnel, msewu woboola phiri wa makilomita pafupifupi 4 umene unatsegulidwa mu 1988. Ndivomere kuti ndinapemphera chamumtima mpaka tinatulukira kwinako, kumene tinapeza mvula ikugwa. Kuno mvula imagwa nthawi yozizira.

Ndatsikira ku Paarl. Galimoto imene ndinalonjezedwa sinabwere, ndipo foni inali itatsala pang'ono kuzima. Ndinalowa pa malo omwetsera mafuta kupempha poichajira, ndipo ndikuvutika ndi chikwama ndinadandaula ndekha kuti, "Koma ndiye ndaonatu." Mnyamata wothira mafuta anatembenuka mwachangu.

"Achemwali, mwati bwanji?"

Abale, ndinatsala pang'ono kulira. Achimwene amenewa agwira ntchito kuno zaka zambiri. Anandikhazika m'kachipinda kawo kofunda, anandipatsa tiyi wa rooibos, n'kuimbira mnzawo woyendetsa takisi amene ananditenga pa msewu wa R44 kudzera ku Klapmuts mpaka pakhomo pa nyumba yogona alendo. Mtengo anakambirana okha, R250, ndipo anandiuza kuti ndisawonjezere ngakhale senti. Potsanzikana anati, "Mukakhala dokotala musatiiwale." Ndinayesa kufotokoza kuti si udokotala wa kuchipatala. Anati zilibe kanthu, dokotala ndi dokotala.

Lamlungu, Stellenbosch

Ndagona ngati wakufa. Chipinda tikugawana ndi mtsikana wa ku Kenya amene akuchita PhD ya za chiwerengero cha anthu. Wafika pa ndege, ali ndi mphamvu zake zonse, ndipo wandikoka kuti tikaone kumene kuli makalasi kuti mawa tisasochere.

Tauniyi ndi yakale, inakhazikitsidwa mu 1679, ndipo yunivesite inakhala yoima payokha mu 1918. Misewu yake yadzaza mitengo ya oak imene panopa yayoyola masamba, ndipo m'mbali mwa misewu ina muli ngalande zamiyala zoyenda madzi. Laibulale yaikulu ili pansi pa nthaka, kunsi kwa bwalo lotchedwa Rooiplein. Munthu umayenda pamwamba pa mabuku osadziwa. Malo odyera a mu Dorp Street tangowadutsa titaona mitengo ya zakudya pakhomo. Tagula buledi, mazira ndi nthochi m'sitolo, tikaphika tokha.

Mlonda wa pa nyumba yathu amakhala ku Kayamandi, kutsidya kwa njanji. Watiuza kuti pafupi ndi yunivesite panali dera lotchedwa Die Vlakte, limene anthu ake anasamutsidwa mokakamiza dera litalengezedwa kuti ndi la azungu okha mu 1964, ndipo zina mwa nyumba za yunivesite zili pamalo amenewo. Tabwerera tikuyenda pang'onopang'ono, osalankhula zambiri.

Lolemba

Tsiku loyamba. M'kalasi mwathu muli anthu a ku Nigeria, Ethiopia, Uganda, Zimbabwe, Namibia ndi a konkuno. Ambiri si ana ayi. Ndi aphunzitsi a m'mayunivesite, anamwino, ogwira ntchito m'boma, anthu a mabanja amene amalemba thesis, buku la kafukufuku wa digiri yawo, usiku ana akagona.

Mphunzitsi wathu sanayambe ndi zolemba pa bolodi. Watipatsa aliyense kapepala kuti tilembepo funso la kafukufuku wathu m'chiganizo chimodzi, kenako tipatse woyandikana naye amene sali wa gawo lathu. Langa lapita kwa injiniya wa ku Ethiopia wofufuza za konkire. Waliwerenga kawiri n'kundifunsa kuti, "Apa pali mafunso atatu. Lako ndi liti?" Ndinafuna kukwiya, koma nditayang'ananso ndinawaona onse atatu ali ndondondo. Lake nalonso linali ndi mawu oti ine sindikanatha kuwatchula. Mphunzitsi anati thesis yonse imapachikika pa funso limenelo: zowerenga, njira, zopeza ndi mathero ziyenera kuyankha funso lomwelo, ndipo oyesa mayeso amayamba kuyang'ana pamenepo. Chapitala chikakuvuta, kawirikawiri vuto silikhala m'chapitalamo, limakhala ku funso.

Masana anatifunsa kuti amene amaopa kulembera asupavaiza awo akweze dzanja. Poyamba anakweza awiri. Kenako manja anayamba kutuluka mmodzimmodzi, anthu akuseka mwamanyazi, mpaka pafupifupi kalasi yonse. Langa linakwera mochedwa.

Atatero anationetsa chikalata cha mgwirizano chimene mayunivesite ambiri a ku South Africa amafuna kuti wophunzira ndi supavaiza asainirane. M'menemo mumalembedwa kuti muzikumana kangati, wophunzira azipereka chiyani ndipo liti, supavaiza azibweza ndemanga pakapita masabata angati, dzina la ndani likhale patsogolo pa nkhani yosindikiza m'magazini a kafukufuku, ndiponso kumene mungapite mukasemphana. Ine ndinali ndisanaonepo chinthu chotere. Ndinkayesa kuti kudikira ndemanga ndi mtanda umene wophunzira aliyense amasenza mwakachetechete, ndipo kufunsa kuti "mundiyankha liti?" ndi mwano.

Lachiwiri

Lero ndilemba zambiri, mundikhululukire.

Pa chakudya chamasana ndinasowa pokhala, ndiye ndinakakhala pa tebulo la anthu a kalasi ina. Ndinazindikira mochedwa kuti ndi kalasi ya asupavaiza. Ndinafuna kudzuka, koma mayi wina wa ku Ghana anandigwira mkono n'kunena kuti, "Khala, tikufuna timve mbali yanu." Ndinakhala, mpunga ndi nkhuku zikuzizira m'mbale.

Adokotala amenewa anamaliza PhD yawo ku Ulaya, ndipo atangobwerera kwawo anapatsidwa ophunzira oti aziwayang'anira, pamwamba pa makalasi a chaka choyamba odzaza holo yonse, kuchonga mayeso ndi misonkhano ya dipatimenti. Palibe anawaphunzitsa kuyang'anira munthu. Anati, "Ndinkachita zimene anandichita amene anandiyang'anira ine. Iye ankalemba ndi inki yofiira kuti izi sizikumveka, basi. Nanenso ndinayamba kutero." Bambo wa ku Uganda anawonjeza kuti anthu amayesa kuti ukakhala ndi PhD ndiye kuti ukudziwa kutulutsa PhD ina, chikhalirecho kudziwa kufufuza ndi kudziwa kulera wofufuza ndi ntchito ziwiri.

Ndinalimba mtima n'kufunsa chimene chakhala chikundidya: "Adokotala, n'chifukwa chiyani mumakhala chete tikakutumizirani chapitala?"

Anaseka, kenako anasiya kuseka. Anati nthawi zina ndi kuchuluka kwa ntchito, zoonadi. Koma nthawi zambiri amakhala atawerenga kale, aona kuti chapitala chiyenera kulembedwanso chonse, ndipo akusowa mawu onenera zimenezo osamuswa mtima munthu. Ndiye amati ndiyankha mawa, mawa likafika ati mkuja, ndipo manyazi a kuchedwa amawonjezera kuchedwa kwina. Wophunzira naye ali chete, poopa kuoneka wopanda ulemu. Aliyense akuganiza kuti mnzake wamukwiyira. Anati m'kalasi mwawo m'mawa wonse amayeserera zomwezo: kupereka ndemanga zoti wophunzira adziwe chochita, kuyamba ndi zazikulu monga mfundo ndi kamangidwe ka chapitala m'malo mothamangira makoma ndi mafulusitopu, ndiponso kumufunsa wophunzira kuti iye akuona kuti vuto lili pati.

Sindikunena kuti asupavaiza onse ndi angelo. Pa tebulo lomwelo tinamva za ena amene amaika dzina lawo patsogolo pa ntchito ya wophunzira, ena amene amasowa chaka chathunthu, ndi ena amene amafuna zinthu zosayenera kwa atsikana. Zimenezo sizithetsedwa ndi maphunziro a sabata imodzi, zimafuna malamulo ndi ofesi yomva madandaulo imene ili ndi mano. Koma chithunzi chimene ndinali nacho m'mutu, cha munthu wamkulu wokhala pa mpando wake akusangalala ndi kuvutika kwanga, chagwedezeka lero.

Mphunzitsi wina wa konkuno anatipatsa manambala osonyeza kumene chipsinjocho chikuchokera. Ndondomeko ya chitukuko ya dziko lino, National Development Plan ya 2012, inaika cholinga choti pofika 2030 South Africa izitulutsa anthu a PhD 5,000 pachaka, kuchoka pa 1,420 a mu 2010, ndiponso kuti aphunzitsi a m'mayunivesite okhala ndi PhD achoke pa 34 peresenti kufika pa 75 peresenti. Chiwerengero cha omaliza chinakweradi mpaka kupitirira 3,000 pachaka, ndipo boma limapereka ndalama ku yunivesite pa wophunzira aliyense womaliza. Koma oyang'anira sanachuluke pa liwiro lomwelo, ndiye katundu amagwera anthu omwewo. N'chifukwa chake kuphunzitsa asupavaiza kwasanduka nkhani yaikulu. Pompano pa Stellenbosch, gawo la yunivesite lotchedwa CREST linayambitsa maphunziro a pa intaneti a asupavaiza a m'mayunivesite a mu Africa mothandizana ndi bungwe la ku Germany la DAAD. Mnzanga wa m'chipinda wandiuzanso usiku uno za CARTA, mgwirizano umene unayamba mu 2008 motsogozedwa ndi bungwe la kafukufuku la APHRC la ku Nairobi ndi yunivesite ya Wits ya ku Johannesburg, umene umaitana asupavaiza a ophunzira ake ku maphunziro awoawo.

Ndisanagone ndalemba imelo kwa Apulofesa, asupavaiza anga aja. Ndawalonjera mwaulemu, ndawauza za funso langa lokhala ndi mafunso atatu, ndipo ndapempha kuti tikumane ndikabwerera, tigwirizane masiku operekera ndi obwezera machapitala. Ndinaiwerenga mobwerezabwereza, chala chikunjenjemera. Paja safunsa anadya phula. Ndatumiza, ndazimitsa foni, ndalowa m'bulangete.

Lachitatu

Mvula tsiku lonse, nsapato zanyowa, ndipo mphuno yayamba kuchucha. M'mawa tinaphunzira zinthu zing'onozing'ono zimene zimadya nthawi ya munthu. Ndaika Zotero pa laputopu kuti izindisungira mndandanda wa mabuku, ntchito imene ndinkaichita pamanja. Ndalembetsa ORCID, nambala ya manambala 16 imene inayamba kuperekedwa mu 2012 kuti wofufuza asasokonezedwe ndi wina wa dzina lofanana. Anatichenjezanso za magazini achinyengo, aja amakulembera imelo yokutamanda n'kulonjeza kusindikiza nkhani yako m'masiku ochepa ukalipira. Theka la kalasi linatulutsa mafoni kuonetsana maimelo oterowo. Kuno boma lili ndi mndandanda wa magazini ovomerezeka, wophatikiza a m'mindandanda ya padziko lonse ya Scopus ndi Web of Science, ndipo nkhani yotuluka kunja kwa mndandandawo siibweretsera yunivesite ndalama.

Madzulo tinapita asanu kukalemba limodzi. Lamulo lake ndi losavuta: mphindi 25 kulemba osalankhula, osagwira foni, kenako mphindi 5 kupuma, n'kuyambiranso. Njirayi amaitcha Pomodoro, anaiyambitsa Francesco Cirillo wa ku Italy. Ndinkaiona ngati zachibwana, koma kumva makiyi a anzako akulira kumakuchititsa manyazi kuti ungokhala. Ndatuluka ndi masamba awiri, oipa ndithu, koma alipo.

Apulofesa sanayankhe. Ndadya buledi ndi dzira, ndamwa mankhwala a chimfine.

Lachinayi

Ayankha m'mawa, ndili m'bafa. Mnzanga ndiye anamva foni ikulira n'kundiitana. Alemba kuti akondwa kuti ndafunsa, kuti chapitala anachiwerenga ndipo chili ndi vuto lomwe ndalitchulalo, ndipo apereka tsiku lokumana. Ziganizo zinayi zokha. Ndinakhala pabedi thaulo lili kumutu, osadziwa ngati ndisangalale kapena ndilire, popeza tanthauzo lake ndi lakuti chapitalacho ndichilembanso.

Usiku tinachita zathuzathu m'chipinda chodyera cha nyumba yogona. Mnyamata wa ku Zimbabwe, amene anapikisanapo pa Three Minute Thesis ku yunivesite yake, anati tiyesere. Mpikisano umenewu unayambira ku yunivesite ya Queensland ku Australia mu 2008. Nkhani yake ndi yoti nthawi imeneyo kunali chilala, anthu ankalimbikitsidwa kusamba mwachangu pogwiritsa ntchito kawotchi ka mphindi zitatu, ndipo mkulu wina wa maphunziro a kafukufuku, Alan Lawson, anatengera pamenepo ganizo loti ophunzira afotokoze thesis yawo m'nthawi yomweyo. Malamulo ake ndi okhwima: mphindi zitatu, ukapitirira watuluka, chithunzi chimodzi chosayenda, osanyamula zida zoonetsera, osaimba, osalakatula ndakatulo. Omvera ayenera kukhala anthu wamba, osati akatswiri a gawo lako. Tsopano umachitika m'mayunivesite ambirimbiri padziko, ndipo kuno wa dziko lonse umakonzedwa ndi yunivesite ya Free State ku Bloemfontein, kumene ndinadutsa usiku ndikunjenjemera.

Oweruza athu anali Adokotala a ku Ghana, mlonda wa ku Kayamandi, ndi mayi wophika. Mphoto inali chokoleti cha R40 chimene tinasonkherana. Injiniya wa konkire anayamba ndi funso loti ndani anaonapo mlatho utang'ambika, ndipo mayi wophika anaika supuni pansi kumvetsera. Mtsikana wa ku Nigeria anathera mphindi ziwiri pothokoza anthu, belu n'kulira asanafike pa zimene anapeza.

Ine ndinayamba ndi mama wa m'basi ndi kabotolo kawo. Ndinati matendawa sapweteka tsiku ndi tsiku, ndiye munthu akamva bwino amaganiza kuti wachira, pamene magazi akupitiriza kuwononga mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo mwakachetechete. Ndinati ndikufuna kudziwa chimene chimachitika m'mutu mwa munthu tsiku limene wasankha kusiya, ndi chimene namwino anganene kuti tsikulo lisafike. Mawondo ankagundana, koma ndinamaliza belu lisanalire. Mlonda anakweza dzanja n'kufunsa ngati mayi ake ayenera kumwa mapiritsiwo moyo wawo wonse. Ndinamuuza kuti ambiri amatero, koma akafunse ku kiliniki asanasinthe kalikonse. Chokoleti anapata ndi injiniya, ndipo anachigawa tizidutswatizidutswa.

Titatha tinakhala mpaka usiku kukangana za mphoto. Wina anati mipikisano yotere imakomera odziwa kulankhula ndi odziwa Chingerezi, pamene wofufuza wabwino akhoza kukhala wachibwibwi. N'zoona, ndipo ndi chifukwa chake sindingafune kuti mphindi zitatu zilowe m'malo mwa oyesa mayeso. Koma ndaona ndekha kuti kukonzekera kwake kwandikakamiza kusankha funso limodzi mwa atatu aja, zimene ndinalephera kuchita ndili ndekha pa desiki.

Za mphoto za asupavaiza ndiye zinautsa fumbi. Ku Britain, magazini ya Times Higher Education imapereka chaka ndi chaka mphoto ya supavaiza wopambana, ndipo bungwe la UK Council for Graduate Education lili ndi njira yoti supavaiza alembe za mmene amagwirira ntchito, anzake aunike, kenako avomerezedwe. Kuno bungwe la boma lothandiza kafukufuku, National Research Foundation, limaika ofufuza m'magulu a A, B, C, P ndi Y, ndipo mayunivesite ambiri ali ndi mphoto zawo za oyang'anira. Bambo wa ku Uganda anati mphoto zambiri zimawerenga mitu ya omaliza, ndiye wochenjera amasankha ophunzira amphamvu okhaokha amene akanamaliza ngakhale popanda iye. Amene amatola wophunzira wosiyidwa ndi wina, kapena mayi amene anaima kaye chifukwa cha uchembere, n'kumufikitsa kumapeto mochedwa, sawoneka pa manambala. Adokotala anati iwo chimene angachifune kuposa chikho ndi kuchepetseredwa makalasi kuti apeze nthawi yowerenga machapitala. Ine ndikuona kuti ophunzira, amakono ndi amene anamaliza, azifunsidwa maganizo mwachinsinsi posankha wolandira mphoto, chifukwa ndi okhawo amadziwa amene amayankha maimelo.

Lachisanu

Tsiku lomaliza linathamanga. Aliyense analemba ndondomeko ya miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi n'kuiwerengera mnzake, amene adzakhala akumufunsa pa WhatsApp. Ine wanga ndi injiniya, ndipo munthuyu alibe chisoni. Kenako masatifiketi, zithunzi, kukumbatirana. Satifiketi yake si digiri, ingonena kuti ndinapezekapo, koma ndaiika pakati pa mabuku kuti isapindike.

Dzuwa linatuluka koyamba sabata yonseyi, ndipo mapiri a ku Jonkershoek anaoneka bwinobwino kumapeto kwa msewu. Mlonda anatitenga anthu anayi kupita ku Kayamandi kukadya nyama yootcha ndi pap, nsima ya kuno. Umasankha nyama pa butchala, amakuotchera pomwepo, ndipo tonse tinakhuta ndi ndalama imene m'tauni ikanagula mbale imodzi. Adokotala a ku Ghana anadya ndi manja, malaya atapinda, akufunsa mtsikana wa ku Nigeria chifukwa chake amathokoza anthu ambiri chotere.

Loweruka, Bellville

Ndabwera kuno pa takisi ya anthu ambiri, chifukwa basi yobwerera ndikwerera pano. Ndalama amapatsirana kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, ndipo ine, pokhala pafupi ndi dalaivala, ndinapezeka ndine wowerengera chenji. Ndinatuluka thukuta kuposa Lachinayi, mpaka mtsikana wa sukulu amene anali kumbuyo kwanga anandilanda ntchitoyo.

Basi yachedwa, ndipo palibe akunena kuti ifika liti. Ndagula gatsby, buledi wautali ngati mkono wodzaza tchipisi, soseji ndi sosi, R90, ndipo ngakhale theka ndalephera kumaliza. Lina ndapatsa mnyamata wa pa benchi yomweyi, wophunzira wa masters ku yunivesite ya Western Cape amene akupita kwawo ku Kimberley. Atamva kumene ndikuchokera wayamba kundidandaulira za supavaiza wake, ndiye ndamutumizira chitsanzo cha chikalata cha mgwirizano chija. Wati yunivesite yake ili nacho, anasaina chaka chatha osawerenga. Panopa akuchifufuza m'maimelo ake, ine ndikuyang'anira zikwama zathu tonse, ndipo Adokotala angonditumizira uthenga kuchokera ku bwalo la ndege kufunsa ngati ndingadzalankhule pa Zoom ndi ophunzira awo mwezi wamawa. Ndayankha kuti ndiyambe ndakumana ndi Apulofesa, ndione ngati ndikhale ndi moyo.